Beseni Pansi pa Tebulo la mu Laibulale

Mpaka lero ndikamadutsa pa laibulale ija ku boma ndimapalasa njinga mwaliwiro, maso kutsogolo, ngati ndikuthamangira wodwala. Koma ndineneretu kuti nzeru yanga inali yabwino. Linalakwa ndi phazi.

Ndine mphunzitsi ku Magodi, ndipo nthawi imeneyo ndinkachita digiri yophunzira uli kwanu. Mayeso akayandikira tinkakumana ku Lundazi, m'chipinda chowerengera cha m'laibulalemo, cha malata opanda siling'i. Unali Okutobala. Malaiti anali atapita kuyambira m'mawa, fani ili duu kudenga ngati chokongoletsa. Thukuta linkadonthera pabuku, tsamba n'kumamatira kuchigongono.

Anzanga ankadzikupiza ndi makope. Ine ayi. Munthu wa sayansi sadzikupiza (ndimaphunzitsa giredi faifi, komabe sayansi ndi sayansi). Ndinavula nsapato. Kenako masokosi. Nditamva kuti simenti nayo yafunda, ndinakabwereka beseni kwa mayi wogulitsa vitumbuwa pageti, n'kulidzaza pampopi, n'kulowa nalo.

Ba Zimba, mayi woyang'anira laibulale, anandiimitsa pakhomo.

"Ba Ticha, ni vichi ivyo?"

"Ni sayansi, ba Zimba. Mapazi akazizila, mutu nawo uzizila."

"Muno sitisamba."

"Sinisamba, niwelenga."

Anapukusa mutu n'kundipatsa njira. Ndikuganiza kuti kutentha kunali kutawalanda mphamvu zokangana.

Ndinakankhira beseni pansi pa tebulo, n'kupinda thalauza, mapazi onse awiri m'madzi. Abale, kuzizira kwake kunakwera mpaka m'khosi. Ndinayang'ana anzanga aja mowamvera chisoni. Ndinawerenga tsamba limodzi, lachiwiri ndinangolionera patali, tulo n'kunditenga.

Ndinadzidzimuka wina atandigwira phewa. Ndinadzuka mwa asilikali, kuiwala kumene ndinasiya mapazi. Chidendene chinaponda m'mphepete mwa beseni, madzi onse khuthu, n'kuyenderera molunjika ku katoni imene inali pansi pambali panga.

Amene anandigwira phewayo anali mayi wovala magalasi, lekichala wathu wochokera ku Lusaka (tinali tisanaonanepo, ankangofuna kufunsa ngati mpando winawo unali ndi munthu). M'katonimo munali maasainimenti athu onse, amene anabwera kudzatenga.

Sanakalipe. Anagwada n'kuyamba kutulutsa mapepala. Apamwamba anali owuma, apakati atanyowa m'mbali. Asainimenti yapansi penipeni inatuluka ikudontha, inki itasungunuka, mawu onse atasanduka mtambo wabuluu. Panatsala dzina lokha pachikuto.

"Dzina lanu ndani, atate?"

Ndinatchula.

"Ndiye ni yanu iyi. Munapeleka oyamba, eti?"

Ndinavomera. Ine sindichedwa pa zinthu.

"Mulembenso. Basi yanga ni ya mawa m'mawa."

Masana onsewo ndinali pabwalo, wopanda nsapato, kuyanika mapepala a anzanga padzuwa n'kumawatsindira ndi timiyala. Eni ake anakhala pamthunzi wa mango n'kumandilangiza.

"Ba Sayansi, yanga mwaitembenuza?"

Mayi wa vitumbuwa naye anabwera kudzatenga beseni lake, n'kufunsa ngati ndatsiriza kusamba.

Asainimenti ndinailembanso, dzanja likuwawa, ndipo ndinakhoza ndithu. Ba Zimba anandiletsa kulowa ndi chilichonse chokhala ndi madzi, ngakhale kabotolo.

Mukandifunsa ngati ndinasiya, yankho n'lakuti ayi. Kukatentha ndimaviikabe mapazi, koma kunyumba, ndipo akazi anga akafuna kundidzutsa amayamba achotsa mabuku.