Sampula Yanga Inatsegula Khutu la a Zulu

Aliyense amene akuti kompyuta imalira chimodzimodzi ndi chitsulo chodulira nyimbo aimirire pompano, andiyang'ane m'maso, abwereze. Palibe? Inu anyamata a ku migodi amene mwatsika ndege dzulo, mukuseka chiyani? Ikani mafoni pansi, wina atembenuze nyamayo isapserere, ndikuuzeni zimene zinachitika m'galaja mwanga ku Rockingham, ndipo ndikanamapo liwu limodzi lokha, sitima ya kuno ku Ellenbrook indisiye pa siteshoni ndibwerere kwathu wapansi.

Ine Kachingwe, amene mumangondidziwa ngati mkulu wa zamagetsi wa ku mafakitale a ku Kwinana, wa ovolosi yonunkha girisi, ndili ndi sampula. Inu amene munabadwa zonse zili kale m'foni simungaidziwe. Ndi bokosi lachitsulo, lotuwa, lolemera ngati injini ya chigayo, limene umalipatsa phokoso n'kumeza, ndipo ukadina batani limalavula phokosolo mmene ukufunira, mothamanga, mochedwa, ngakhale chammbuyo. Ndinaigula nditangofika kumene m'dziko muno kwa mzungu wina wa ku Fremantle amene ankasamuka, ndipo ndi yemweyo anandimvetsa jungle koyamba, nyimbo ija ng'oma zake zimathamanga ngati zikuthawa moto pamene besi, kulira kwakuya kuja, ikuyenda pansi pang'onopang'ono ngati bwana wopanda womufulumiza. Nditamva ndinati izi si zachilendo, kwathu ku Kawale tinkamenya zigubu chonchi timu yathu ikawina. Dalaivala wa basi anakana kundinyamula chifukwa nditangoponda pakhomo matayala a mbali imeneyo anaphwa, ndiye ndinaisenza pamutu, dzuwa likuswa mtengo, mpaka kunyumba, ndipo dazi mukulionali linayamba tsiku limenelo. Mukumva?

Zaka zinapita, ntchito inachuluka, ana anabwera, sampula ija inakhala pa shelefu m'galaja itafundidwa chitenje. Kenako inafika nthawi ija khonsolo imalengeza kuti aliyense atulutse zinyalala zikuluzikulu m'mbali mwa msewu, mafiriji akufa, masofa othyoka. Mayi a kunyumba anandipeza ndikumwa tiyi.

"Bambo a Tadala, chitsulo chanu chija chikupita kumsewu. Ndikufunapo malo a firiza."

Ndisanameze tiyi uja, mwana wanga Tadala, amene anakulira konkuno, amene Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi chake cha m'mphuno chija, anadzutsa mutu pa laputopu yake. Iyenso amapanga jungle, pa kakompyuta kopyapyala ngati kagawo ka buledi. Anati, m'Chingerezi chomwecho, "Adadi, musadandaule. Zonse zimene chimachita ndili nazo muno, ndi kukhosomola kwake komwe. Palibe angasiyanitse."

Anthu inu, ndinagwidwapo ndi magetsi oyendetsa fakitale yonse, ine n'kungoyetsemula, koma mawu amenewo anandigwetsa pampando. Sichinali chitsulo chokha chimene ankafuna kutaya. Mwana wanga ankandiuza, mwaulemu wake wonse, kuti chinthu chokhacho chimene bambo wake ankachidziwa kuposa iye chakwana m'kabatani kamodzi. Ndinaimirira, ndinamenya tebulo mpaka shuga anadumpha m'kapu n'kubwerera m'mbale mwake, ndinati Loweruka masana tipikisane. Ng'oma zikhale zomwezo, zochokera pa chimbale chimodzi chakale cha galamafoni, iye adule pa laputopu, ine ndidule pa chitsulo, tonse tibisale kuseri kwa nsalu, woweruza amve. Akalephera kusiyanitsa, ndikaitula ndekha kumsewu ndi manja angawa.

Woweruza anamusankha ndi mayi. Anatenga a Zulu, mkulu wa mpingo wathu, wa ku Chipata, munthu amene anabowola miyala m'migodi ya ku Zambia ndi ya kumpoto kuno mpaka khutu lake lakumanzere linafa kalekale. Mayi anati iwowa ndiye oyenera, chifukwa sanama, ndiponso nyimbo zathu zonse ziwiri amadana nazo mofanana.

Nditavundukula chitenje chija ndinalumikiza ku magetsi, zii. Ndinadinanso, zii. Wina akanagonja pomwepo, koma ine ndinamasula zomangira ndi zikhadabo, ndinapeza m'katimo banja lonse la akangaude a msana wofiira aja, agogo, azakhali, zidzukulu, atamanga mudzi pa mawaya, ndinawauza mwamtendere kuti mwini nyumba wabwera, ndipo anatuluka pamzere, wamkulu wawo patsogolo, osaluma munthu. Waya wina anali atadukamo, chowotcherera changa ndinali nditachisiya ku ntchito, koma kunkatentha sabata imeneyo moti ndinangotulutsa mtovu pawindo, dzuwa linausungunula, ndinaudonthezera pa waya, chitsulo chinatsokomola, fani inazungulira, fumbi la zaka zonsezo linatuluka n'kudetsa kumwamba mpaka aneba anathamangira kukaanula zovala. Kawindo kake kowerengerapo manambala kokha ndi kamene kanakana kuyaka. Ndinati palibe kanthu, maso ndi a ana a laputopu, ine ndidula ndi khutu.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Chitsulo chija mimba yake ndi yaing'ono, chimameza kaphokoso kakafupi basi. Kuti ng'oma zonse zilowe, umathamangitsa chimbale mpaka ng'oma zizilira ngati mbewa, chitsulo n'kumeza, kenako n'kuzibweza pansi pang'onopang'ono. Pobwerera m'menemo sizibwera zoyera. Zimabwera ndi mchenga m'mano, zonenepa, pamwamba pake patapsa pang'ono, ndipo ukazikoka kuti zitalike zimanjenjemera ngati lata pamphepo. Kompyuta mimba yake ilibe malire, imameza zonse n'kubweza zonse, zochapa ndi sopo, zosita. Akuti anaikamo dothi lochita kupanga, eya, koma dothi limenelo limagwa pamalo omwewo tsiku lililonse ngati wantchito wa boma, pamene dothi la chitsulo changa limasintha ndi kutentha kwa tsikulo. Ine ndinadula ng'oma zija mumdima wa kawindo kakufa, chidutswa ndi chidutswa, zina zopyapyala moti ukaziyang'ana cham'mbali sizioneka, ndinadula mpaka chala chamkombaphala chinafupika, onani, n'chachifupi kuposa chinzakechi. Mukumva?

Loweruka linafika. Mayi anapachika nsalu ya pabedi pakati pa galaja, a Zulu anakhala pampando wa pulasitiki atapinda manja, khutu lamoyo ataloza kwa ife. Sipika inali imodzi, kuti pasakhale wodandaula.

Anayamba Tadala. Ndine munthu wachilungamo, ndinena zoona, mwanayo amatha. Ng'oma zake zinatuluka zakuthwa ngati lezala, chilichonse pamalo pake, besi yosalala ngati msewu wa ku bwalo la ndege, moti phazi langa lamanja linayamba kugunda pansi lokha, ndinachita kuliponda ndi lamanzere kuti lisandichititse manyazi. Nditasuzumira pambali pa nsalu, ndinaona a Zulu akugwedeza mutu pang'ono. Mayi anayang'ana pa shelefu, akuyeza kale ndi maso malo a firiza. Ine ndinapukuta thukuta, ndinadina batani.

Abale anga, ng'oma yoyamba itangogwa nsalu ija inaima chilili ngati chitseko, yachiwiri misomali ya m'denga inatuluka theka n'kubwereranso, ndipo besi itabwera sinadutse m'mphepo ayi, inalowa pansi, inaboola simenti, inayenda mumchenga wa Rockingham yense, mandimu onse a mumtengo wa aneba anagwa nthawi imodzi n'kudzifinya okha, zovala za pachingwe zinadzikung'untha n'kudzipinda, sitima imene inaima pa siteshoni inanyamuka dalaivala akadali panja akumwa khofi, utsi wa m'machumuni a ku Kwinana unayamba kutuluka moduladula motsatira ng'oma zanga moti anzanga a shifiti ya masana anadziwiratu kuti Kachingwe wayatsa chitsulo chake, ndipo mphepo ija ya kunyanja imene imabwera masana kudzatiziziritsa inafika pa gombe, inamva, inaima kaye kudikira kuti nyimbo ithe. Gogo wina wachizungu wa nyumba yachitatu, woyendera ndodo ziwiri, analumpha mipanda yonse n'kutera pakhomo pa galaja, ine n'kumati wabwera kudzadandaula, koma iye akukuwa kuti kwezani. Mukumva? Ndikuti kwezani!

Ndiye ndinakweza. Ndinatenga ng'oma imodzi n'kuikoka mpaka inanjenjemera ngati lata lija ndanena, ndipo pamenepo tinamva phuu! Chinthu chofiira, chachikulu ngati nthangala ya mango, chinatuluka m'khutu lakumanzere la a Zulu, chinawuluka, chinamenya chitseko cha galaja n'kusiya chibowo chimene chilipo mpaka lero, mubwere mudzalowetsemo chala. Linali fumbi la m'migodi yonse imene anagwiramo, litaumbika ngati njerwa. Mkulu uja anaimirira, mpando ukumutsatira kumbuyo, atagwira mutu ndi manja onse.

"Ba Kachingwe, zimyani! Namvela! Khutu yanga yauka!"

Ndinazimitsa. M'galaja munangoti zii, kupatula fani ya chitsulo ikupuma mwaphuma. A Zulu anatembenuza mutu uku ndi uku ngati mwana woona nyanja koyamba, misozi ikutsika, akuti akumva mpaka wotchi ya pamkono wa mayi. Mayi anawafunsa kuti nanga chigamulo n'chotani.

"Yoyamba ija ni yabwino, yoyela monga mu chipatala," anatero. "Koma iyi yachiwili ili na mafupa."

Mayi sanatsutse. Anangoti firiza ikhoza kukwana kochapira zovala, n'kuyamba kutola mandimu amene anagubudukira kwathu. Ine maso anga anali pa Tadala. Anatseka laputopu yake mwakachetechete, anabwera, anaika dzanja pamwamba pa chitsulo chija chikadali chotentha. Ndinkaopa kuti ndamuchititsa manyazi mwana wanga pamaso pa mlendo. Kenako anatsegula pakamwa, ndipo zimene zinatuluka sizinali Chingerezi.

"Adadi, ndiphunzitseni."

M'Chichewa! Chokhota, chopunduka mwendo umodzi, koma Chichewa. Za mandimu ndi za sitima mukhoza kukayika ngati mitima yanu ndi youma, koma izi ndinazimva ndi makutu anga awiri, ndipo a Zulu anazimva ndi awo awiri. Kuyambira tsiku limenelo Loweruka lililonse tinkakhala m'galaja, ine ndi iye, ndikumuonetsa kudula ndi khutu, iye akulakwitsa, ine ndikukalipa, iye akuseka, ndipo mayina a mabatani onse anawaphunzira m'chilankhulo cha kwathu chifukwa ndinakana kuwatchula mwina. Posakhalitsa chitsulo chinasamuka m'galaja n'kukalowa kuchipinda kwake, moti lero ndikachifuna ndimachita kugogoda.

Tsono ndikuona a Jere apo akumwetulira, chifukwa akazi awo anawauza zimene zinachitika pambuyo pake. Musavutike, ndinena ndekha, ine sindibisa kanthu. Mwezi wathawu mwana uja anati tibwereze, koma woweruza ndikhale ine. Anandimanga nsalu kumaso, analiza koyamba, analiza kachiwiri. Ine osazengereza ndinati chachiwiricho ndiye chitsulo changa, ndingachidziwe ngakhale nditagona m'bokosi. Anandimasula nsalu. Chala changa chinali chitaloza laputopu.

Sekani, sekani mumalize. Mwatha? Tsono funsani kuti mu laputopumo munali chiyani. Mwana uja anatha masabata akudutsitsa ng'oma zake m'chitsulo changa, imodzi imodzi, n'kumazijambula zikamatuluka ndi mchenga wake, n'kuzisunga m'kakompyuta kake. Mawu amene ndinaloza anali a sampula yanga, atangovala malaya a eni. Ndiye walakwa ndani? Zili ngati ndinamva mwana wanga akulira m'nyumba ya aneba, n'kumuzindikira. Pitani mukapeze kompyuta imene ingachite zimenezo, mubwere nayo kuno, ndiidya ndi mawaya ake omwe. Patseni nyamayo.