Ng'azi Imene Inakana Kuima Kuti Ipume

Kulakwa kwanga kunali kwakung'ono. Ndinakhulupirira pepala lokulungira zitumbuwa.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 7, koma chilichonse cholembedwa sichindidutsa. Ndikagula kanthu pamsika wa pa Boma, ndimayamba kuwerenga chokulungira, kudya pambuyo. Tsiku limenelo pepalalo linali tsamba lothothoka m'buku la sayansi, lonyowa mafuta, ndipo linkanena za buluzi. Akuti buluzi sangathamange n'kumapuma bwino nthawi imodzi, chifukwa minofu ya m'nthiti imene amapumira ndi yomweyo imene amadzipindira pothamanga. N'chifukwa chake amati tswii, n'kuima, n'kuthamanganso. Nkhaniyo inathera panjira, koma ine ndinaona kuti zandikwanira. Sabata yonse ndinkangoyang'ana abuluzi pakhoma n'kumagwedeza mutu ngati ndinawalenga ndine.

Ndiye a Nachisale, amene tinayandikana nawo nyumba kuno ku Magaleta, anali ndi thadzi limodzi lokha, likufungatira mazira a nkhuku za mikolongwe amene anachita kukapempha kwa achemwali awo ku Midzemba. Chiyembekezo chawo chonse cha khola chinali m'dengu limenelo, pansi pa nkhokwe. Koma ng'azi ya kumtsinje inali italidziwa dengulo. Dzuwa likafika paliwombo, inkabwera n'kutola dzira limodzi.

"Ndikukabwereka galu kwa alongo anga," anatero a Nachisale.

"Galu wa chiyani, mayi?" ndinatero ine. "Ng'azi ndi buluzi wamkulu basi. Ikathamanga pang'ono iyenera kuima kuti ipume. Pamenepo ndiiponyera thumba."

"Eti? Mwazimva kuti zimenezo?"

"Zinalembedwa." (Sindinanene kuti zinalembedwa pati.)

M'mawa mwake ndinabisala kuseri kwa nkhokwe ndi thumba la feteleza. Kubisala kwake kunali kwa dzina lokha, poti ndinali nditauza mudzi wonse, ndipo amayi ochokera kumjigo anatula zidebe kuti aonere. Ndinawafotokozera za nthiti, ndikuloza zanga.

Ng'azi inafikadi, lilime lawilawi. Itangolowetsa mutu m'dengu, ndinalumpha ndi mfuwu umene mpaka lero sindidziwa kuti ndinautenga kuti. Thadzi linauluka. Phazi langa linatera pa chinthu chimene chinati phwa, koma munthu wa sayansi sacheuka.

Ng'azi inaliyatsa liwiro, ine pambuyo pake. Tinadutsa pabwalo. Tinalowa m'munda wa kachewere. Ine mumtima ndinkangoti, iima tsopano. Tinadumpha mizere yambirimbiri, ng'azi osaima. Tinayamba kutsetsereka kulowera kumtsinje, patapata mmodzi n'kutsala m'mbuyo.

"Ipuma liti, abambo?" anafuula mayi wina kumtunda.

Ndinafuna kuyankha kuti posachedwa, koma mawu sanatuluke. Chifuwa chinali chitasanduka mvukuto wobooka. (Ndili ndi zaka makumi asanu ndi mphambu zingapo, ndipo ndinathamanga komaliza pothawa njuchi.) Amene anaima kuti apume ndinali ine. Kunena zoona sindinaime, ndinagwa chafufumimba mumzere, pakamwa podzaza dothi. Ng'azi ndinangoimva kuti chubwi m'madzi.

Anandidzutsa ndi a Gondwe, azaumoyo amene amachita lendi pafupi nafe. Anandikhazika pansi, kundimasula mabatani, kundiuza kuti ndizikoka mpweya pang'onopang'ono, anthu atandizungulira ngati ndagwidwa ndi mbuzi yakuba. Nditawasimbira za pepala lija mwa apo ndi apo, anatulutsa foni n'kufufuza.

"Bambo, simunaname kwenikweni," anatero, akuluma milomo kuti asaseke. "Abuluzi ambiri ndi choncho. Koma ng'azi imapopa mpweya ndi kukhosi kwake, ngati pampu ya njinga. Imatha kupuma ikuthamanga."

Mwa abuluzi onse a m'dziko la Mulungu, ine ndinasankha yekhayo amene tsamba lotsatira linkamupatula.

Ndinakwera chitunda phazi limodzi lopanda patapata, ndikukonza mawu opepesa okhala ndi kasayansi pang'ono. Koma nditafika pankhokwe ndinapeza zoopsa. Dengu linali litaphwatalala, thadzi likulizungulira n'kumalira, ndipo chikasu chimene chinali pansipo chinali chofanana ndi chimene chinauma kuphazi kwanga. Silinatsale dzira ndi limodzi lomwe.

Ndikanakonda akanandilalatira. A Nachisale anangogwada n'kumatola makoko, limodzilimodzi, kuika m'chitenje. Ndinavula chipewa. Ndinalonjeza kuti ndiyenda ndekha wapansi kupita ku Midzemba kukapempha mazira ena, ndipo ndikanena ndekha amene anaswa oyambawo.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lachikasulo.

"Pitani ndithu, abambo," anatero mofatsa. "Ng'azi ija inkadya limodzi patsiku, inkandisiyirako. Galu ndikukabwereka lero lomwe. Chimene sindikudziwa n'chakuti ndimuuze azilondera ndani."