Nyali ya Amalume M'galasi

Lolemba
Kamera ndabwereka kwa alamu! Yabokosi, filimu imodzi basi. Mu holo ya ku Gatooma azungu ayala zida zakale za sayansi ya m'migodi, sabata ino yokha, ndipo pakati pake pali nyali ya kabaidi ya amalume a Fulaye. Ankatsika nayo pansi mu mgodi wa ku Chakari mpaka chifuwa chinawatulutsa, nyaliyo n'kutsala kwa azungu. Lamulungu akukwera sitima ya ku Nyasaland, sabweranso. Akufuna chithunzi cha nyaliyo, kuti kumudzi asamati zaka zonsezi ankangodya sadza. Zoti ndijambule: nyali, nyali, nyalinso.

Lachiwiri
Anthu akuda tikulowa masana okha. Zilimo: sikelo ya golide, mabotolo a asidi, chitsulo choyezera nthaka, miyala yonyezimira. Nyali ili m'bokosi lagalasi ngati mkate wa m'sitolo. Ndisanaloze n'komwe, a Bwanali a kukomboni kwathu andiona. "Wakwathu, kamodzi kokha, nditumize kwa mayi a ana." Kuchilendo kuno wakwanu sumukana. Aima pafupi ndi sikelo, nkhope ngati ndiwo amayeza golide. Ndajambula. Belu lalira, atitulutsa.

Lachitatu
Mbiri yafala komboni yonse. Lero andiperekeza amuna gulu, jekete imodzi. Wina akavula, wina akuvala. Aliyense akufuna dzanja pa sikelo kuti kumudzi aziti ndi kalaliki. Mlonda akukuwa, "Aikona! Osagwira!" Kenako akunong'ona kuti nayenso ndi wa ku Ncheu. Jekete yamukwana bwino. Nyali sindinaiyandikire.

Lachinayi
Filimu yatsala ya chithunzi chimodzi! Mtima uli m'mwamba. Ndazemba pakomboni ngati wakuba nkhuku, kamera m'thumba la ufa. Amalume abwera nawo, akutsokomola njira yonse. Aima kumbuyo kwanga, chipewa m'manja. Dzuwa likuwala bwino pagalasi. Ndajambula nyali!

Lachisanu
Basi ya ku Hartley, kwa Mmwenye wotsuka mafilimu. Akuti mawa. Chionetsero chatsekedwa lero, zida azilonga m'mabokosi. Ndilibe nazo ntchito, nyali ndili nayo kale.

Loweruka
Zatuluka. Jekete yaoneka bwino zedi, mpaka mabatani. Koma chomalizacho, mayo ine! Pamene panali nyali pangoti mbee, kuwala kokhakokha. M'galasimo mukuoneka ineyo, kamera pamimba, ndi amalume kumbuyo atagwira chipewa. Mmwenye akuseka, akuti galasi salijambula dzuwa lili pamenepo. Akundiuza lero! Manyazi andigwira.

Lamulungu
Pasiteshoni. A Bwanali ndi anzawo anyamulitsa amalume zithunzi zawo, zikafike kumidzi. Changa ndapereka pomaliza, maso pansi. Achiyang'ana nthawi yaitali. Chibadwire sanajambulidwepo. "Mphwanga, nyali palibe. Koma nkhalambayi ndine?" Ndavomera. Achiika m'thumba la pachifuwa, akuseka mpaka kutsokomola. "Basi, ndikawauza kuti azungu anaika ineyo m'galasi."

Sitima yanyamuka, ine ndalira ngati mwana. Bodza limenelo ndidzaliikira umboni.