Kapinga Wakana Mchere

Lolemba
Ankhoswe a kuchimuna akubwera Lamulungu kudzafunsira Esnati wanga. Anthu a ku Balaka tauni, anthu a nsapato! Ndiye pabwalo panga kapinga wayanga mpaka pakhonde. Adzati chiyani? Adzati mayi wolephera kusamala bwalo walera mwana waulesi. Khasu ndayesa: ndikalima, amameranso. Anzanga oyandikana nawo, amake Juma, akuti, "Thirani mchere, palibe chomera chimapirira mchere." Ndagula wamiyala uja, ndasungunula mu ndowa, ndathira. Mawa nkhani yatha.

Lachiwiri
Ali biriwiri. Mwina sanamve. Ndathiranso ndowa ina, ndawonjezera ndi mchere wa kukhitchini. Madzi ena ayenderera ku matimati anga. Sindikufuna kuganiza.

Lachitatu
Matimati afota onse ngati ndawathira madzi otentha. Kapinga wangopsa kunsonga, pansi akutulutsa timasamba tatsopano. Tatsopano! Mbuzi za mudzi wonse zamva za mchere. Zikunyambita dothi, zikusiya manyowa. Ndiye kuti mdani wanga ndikumudyetsanso.

Lachinayi
Alamu anga a Mussa, amene amaphunzitsa sayansi ku Liwonde, abwera ndi mipando ya alendo. Agwada pa udzu ndi buluku lawo labwino. Akundionetsa fumbi loyera pa masamba. "Lawani, alamu." Mchere! Udzu ukulavula mchere wanga!

Akuti udzu unamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. M'kachipinda kalikonse muli malangizo obadwa nawo, ambiri ali gone. Mchere ukafika, kachipinda kamazindikira, nkudzutsa malangizo oyenera okha, ena nkuwagoneka. Ena ndi otsekera mchere m'kathumba, ena okankhira mchere kunja, ena opanga zinthu zogwira madzi kuti asathawe. "Matimati nawonso amayesa, koma mphamvu yawo ndi yochepa."

Ndakhala pansi.

Lachisanu
Zoti ndichite: kuzira khonde, kuchapa nsalu, kugwira tambala. Zimene ndachita: kuyang'ana udzu.

Kapingayu alibe makutu, alibe mutu, sukulu sanapiteko ngakhale Sitandade 3 yangayi. Amamuuza ndani kuti mchere wabwera? Ndipo si kachipinda kamodzi ayi, tonse, pa tsamba lililonse, kuchokera pakhonde mpaka pa nkhokwe, tikugwira ntchito chete, ine ndikudutsa ndi ndowa osadziwa. Ine vuto likafika, zonse za m'thupi mwanga zimadzuka pamodzi: mtima, mimba, thukuta. Palibe chimagona.

Popita ku mjigo ndikulambalala. Ndikuchita manyazi kumuponda.

Loweruka
Ndatenga khasu kuti ndiyese komaliza. Ndalikweza. Ndalibweza. Esnati akuseka: "Amayi, akudzafunsira ine kapena bwalo?" Amake Juma akuti ndinachepetsa mchere. Iyayi, anzanga, m'nyumba muno mulibe ndi kambulu komwe! Mawa alendo, ndiwo zopanda matimati, zopanda mchere. Ndapempha zonse kwa amake Juma omwewo. Apereka, koma mudzi wonse wamva.

Madzulo kwawaza kamvula. Kapinga akunyezimira.

Lamulungu
Afika ambiri, mipando yachepa. Malume ake a mnyamata, mkulu wa onse, avula nsapato, akhala pa kapinga. Ine maso ali pa iwo. Azula katsamba, akutafuna uku akumvetsera nkhani. Asiya kutafuna. Akukayang'ana katsambako. Ndatha ine!

"Mayi, kwanu kuno ndi udzu womwe mumauthira mchere? Ndiye mwana wathu sadzadya zozizira."

Onse aseka. Nkhani yatheka, Esnati akumwetulira kuseri kwa chitseko.

Potsazika malumewo apempha mizu yoti akadzale kwawo, akuti pabwalo pawo pachuluka fumbi. Ndawazulira jumbo yodzadza. Kuwachenjeza sindinawachenjeze, adzaona okha. Kapinga wakwera kabaza, wapita ku Balaka.

Wotsalayu ndamuthirira madzi abwino. Bwalo ndi lake, ine ndingosesa m'mbali.