Mmene ndinathamangitsira setilaiti kwa apongozi

Pali nyumba ina pa boda ya Mchinji imene mpaka lero ndimalowa nditazolika, ngakhale eni ake ndi agogo a ana anga. Nkhaniyi ena amaikamba mokometsera, ndiye bola ndiulule ndekha.

Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba kumene uphunzitsi pa sekondale ina pa boma, kuchokera kwathu ku Ntcheu. Ndinkaphunzitsa jogalafe (inde, jogalafe, musandiseke msanga). Ndinali pa ubwenzi ndi Esinati, namwino, mwana wa a Banda amene ankalembera amalole mapepala a katundu pa boda. Lamlungu lina la mu Febuluwale anandiitana kwawo kuti amalume ake, a Mbewe a ku Mavwere, adzandione. Mukudziwa inu kuti mwini mbumba akapukusa mutu, za ukwati zathera pomwepo.

A Banda anali ndi dishi ya kanema, imodzi mwa zoyambirira pamalopo, yomangidwa pakhoma pafupi ndi denga. Masana amenewo kunali mpira wa matimu a mayiko, choncho pabalaza panali podzaza: anzawo a pa boda, dalaivala wina wa ku Zambia amene thiraki yake inkadikira mapepala, ndi amalume pampando wa ndalema. Ine pakona, tayi pakhosi, mawondo pamodzi ngati mwana wa kwaya.

Mpira utangofika pokoma, mvula inayamba. Osewera anayamba kuduka zidutswazidutswa, kenako kanema yense anangoti zii. Anthu anadandaula pang'ono n'kukhala chete. Akanakhala wina akanakhalanso chete. Koma ine ndinali nditakhala maola awiri osanena chanzeru chilichonse, ndipo pakamwa pankandiyabwa.

"Setilaiti yasuntha," ndinatero. "Chinthuchi chimazungulira dziko, bambo. Dishi imafunika kuitsatira."

"Kodi?" anatero amalume, akundiyang'ana koyamba. "Aphunzitsi akuzidziwa zimenezi?"

Esinati anatulukira kuchokera kukhitchini, n'kugwada pambali panga. "Amayi akuti mungodikira," ananong'ona.

"Uwauze amayi asade nkhawa," ndinayankha mokweza kuti onse amve. "Izi ndi za sayansi."

Mvula itangochepa ndinapempha makwerero ndi sipanala. A Banda anazengereza, koma mlendo sakanizidwa pamaso pa anthu. Ndili pamwambapo ndinawerengera motere: dzuwa limalowera kumadzulo, mwezi kumadzulonso, ndiye setilaiti nayo yalowera cha ku Chipata. Dishiyo inali itayang'ana kum'mawa, cha ku Lilongwe. Ndinaimvera chisoni.

Ndinamasula bawuti yoyamba. Ndikumasula yachiwiri, m'nyumba munamveka mfuu: "Chabwera! Chabwera!"

Abale anga, apa Mulungu anandipatsa mpata wotsika ndi ulemu wanga wonse. Dishi ndinali ndisanaisunthe n'komwe. Koma mtima unati, ngati kungoigwira chabe kwabweretsa chithunzi, nanga ndikaitembenuza?

"Dikirani ndiikonze bwinobwino!" ndinakuwa, n'kuipotoza.

"Chapita!"

Ndinaibweza. Palibe. Ndinaikweza, ndinaitsitsa, ndinaipendeketsa. "Nanga pano?" "Ayi!" "Panopa?" "Ayi ndithu!" Bawuti ina inandipulumuka n'kugwera m'matope, dishi n'kuweramira pansi ngati nayonso yachita manyazi. Kutsidya kwa msewu, ku bala ina imene inali ndi dishi yake, anthu anakuwa chigoli. Alendo a a Banda anayamba kutuluka mmodzimmodzi, osatsanzika, kulowera komweko.

Amalume anabwera kudzaima pansi pa makwerero, manja kumbuyo.

"Aphunzitsi, mwaipeza?"

"Ili pafupi, malume."

"Chabwino. Ikakafika ku Chipata mutiuze, tili ndi abale kumeneko aigwire."

Amene anandimaliza ndi dalaivala uja. Anayankhula mwachifundo, ndipo chifundocho n'chimene chinawawa kwambiri. "Ba ticha, selukani. Chija chinthu chizunguluka, zoona, koma chiyenda pamodzi na dziko, sipidi imodzi, monga mathiraki awiri oyenda mbali na mbali. Ukachiona uli pansi, chili pamodzimodzi chaka chonse. Nanga mabawuti amamangira chani?" Kenako analoza dishi ya ku bala ija, ndi ina ya panyumba yogona alendo. Zonse zinali zitayang'ana kum'mawa, phee, ngati anthu a mpingo umodzi.

Pomwepo ndinakumbukira tsamba lake m'buku limene ndinkaphunzitsira, chithunzi chake ndi mzere umene ndinadula pansi ndi cholembera changa chofiira. Ndinatsika makwerero aja pang'onopang'ono, ndikulakalaka akanakhala aatali mpaka mawa.

Esinati anandibweretsera madzi osamba m'manja, osandiyang'ana. "Amayi amati mvula ikagwa chimatero," anatero. "Ikakata chimabwera chokha. Zaka ziwiri tsopano." Mayiwo ankadziwa zonse kuyambira pachiyambi, koma sakanatsutsa mkamwini wa mawa pamaso pa azibambo. Anandisungira ulemu umene ine ndinakautaya ndekha padenga.

Panatha masiku asanu ndi anayi kuti katswiri abwere kuchokera ku Chipata, ndipo masiku onsewo a Banda ankamvera nkhani pa kawayilesi ka mabatire. Ine pa boda sindinapondeko. Ndinkangodikira uthenga woti ndisadzabwerenso.

Uthenga unabweradi, kudzera kwa ankhoswe. Amalume akuti: "Mnyamatayo ndi wolimbikira, ndipo ukamuuza kuti tsika amatsika. Mpatseni mkazi. Koma chinthu chikamagwira ntchito, musamusiye nacho yekha."

Ndinaphunzirapo kuti chinthu chikangoti zii, nthawi zina chimafuna kuchidikira basi. Ndimawauzanso ana asukulu zimenezi chaka chilichonse, ndi mtima wonse. Kungoti sabata yatha filiji yathu inayamba kulira mwachilendo, ndipo ndikulemba pano nyama yonse ili kwa aneba.