Kwa Bwana Mkulu, za Luckness ndi Maikolofoni ya a Jimu

Bwana Mkulu wa Yunivesite ya Kuwala kwa Mawa,
Kulikulu, mumzinda.

Wolemekezeka Bwana,

Kalatayi ndalemba chogwada, ndiye ngati zilembo zina zapendama mundikhululukire. Ine ndine Japhet Mulepa, mphunzitsi wa utolankhani pa nthambi yanu ya kwa Phalula, m'boma la Balaka. Simungandikumbuke. Tinaonana kamodzi kokha, tsiku lomwe munadzatsegula situdiyo yathu ya wailesi, ndipo amene anakugwirirani ambulera mukudula riboni uja ndine. Makalata anayi omwe ndinakutumizirani sanayankhidwe. Ndaganiza kuti mwina chovuta ndi kumatula envelopu, choncho iyi ndaisiya yotsegula kale, kuti ngakhale odutsa m'njira akuthandizeni kuwerenga.

Ndadzathokoza, Bwana. Pempho ndili nalo limodzi lokha, kakang'ono, ndipo ndalisiya kumapeto.

Choyamba, zikomo chifukwa cha situdiyo. Chipinda chija kale munkakhala matumba a chimanga, lero makoma ake tinamata mathileyi a mazira kuti mawu asamatuluke, ndipo ndikuchitira umboni kuti sanatulukepo. Maikolofoni yomwe munajambulitsa nayo tsiku lija inakwera nanu galimoto pobwerera. Sitikudandaula. Kwa zaka ziwiri ophunzira anga akhala akuwerenga nkhani atagwira chisononkho. Chisononkho sichilira, sichifuna mabatire, ndipo mbewa zikachitafuna timangotola china kuseri. Kujambula kanema timaphunzira ndi katoni ya sopo yobowola kutsogolo. Ana onse akudziwa tsopano kuti wojambula asamayang'anizane ndi dzuwa.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha a Maziko, rejisitala amene munatipatsa. Mwezi wathawu titamva kuti kukubwera alendo odzayendera ngati tili ndi zipangizo zophunzitsira, ena tinayamba kusita mathalauza okafunira ntchito kwina. A Maziko sanatekeseke. Anapita kwa Nsamala n'kukatenga a Jimu, bambo amene amaika nyimbo pa maukwati ndi zinkhoswe. A Jimu anabwera ndi maikolofoni atatu, masipika awiri, jenereta ndi mikisa yosakanizira mawu. Vuto linali lakuti mabatani a mikisayo anali olembedwa kale ndi penti: AKWATI, ANKHOSWE, PEREKANIPEREKANI. A Maziko anauza alendo kuti amenewo ndi mayina a mapulogalamu athu. Mlendo wina analemba m'buku lake kuti wailesi yathu ili pafupi ndi anthu.

Alendowo anasangalala mpaka kufuna kukhalitsa. Koma a Jimu anali ndi chinkhoswe 2 koloko. Ndiye pamene a Maziko ankawakankhira alendo kuchakudya, ife tinali kalikiliki kutulutsa situdiyo yonse pawindo la kuseri n'kuimangirira pa njinga za kabaza.

Chachitatu, ndipo pano ndichedwapo pang'ono, ndi mwana wathu Luckness Namagowa. Ali m'chaka chomaliza. Kwawo ndi kwa Mposa ku Machinga, komwe mayi ake, a Hellen, amalima mpunga. Tsiku loyamba la kalasi iliyonse ndimalemba pa bolodi mafunso asanu ndi limodzi a mtolankhani: ndani, chiyani, liti, kuti, bwanji, chifukwa chiyani. Ana aulemu amakopera, n'kulembera mayeso, n'kuiwala. Luckness anakhulupirira. Apa wolakwa ndine, sindinamufotokozere kuti zinazi timangonena.

Ataona situdiyo ikutuluka pawindo, iye anakwera kabaza ina n'kuitsatira. Anakaipeza pa chinkhoswe, maikolofoni yomwe alendo anaiyamikira m'mawa ili pakamwa pa nkhoswe ya kuchikazi, ikulangiza mkwati za kusesa pakhomo. Anacheza ndi a Jimu, omwe sanabise kanthu. "Iyayi, zonsezi ndi zanga," anatero. "Yunivesite ndi kasitomala wabwino, sathira mowa pa sipika." Kenako Luckness anapita katatu ku ofesi ya a Maziko kukamva mbali yawo, monga ndinamuphunzitsira. Ulendo wachitatu anamva mawu awo kuseri kwa chitseko akuuza sekilitale kuti, "Muuzeni ndachokapo." Iye analemba choncho: a Maziko anati achokapo.

Nkhaniyo inatuluka m'nyuzipepala yathu, yomwe ndi pepala limodzi lomwe timakhoma pa chitseko cha laibulale. Bwana, ndinakhala masiku awiri ndikufufuzamo bodza, ngakhale limodzi, loti ndimupulumutse nalo. Ndinangopeza kuti pa dzina la mkwati anasiya chilembo chimodzi.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha komiti yosungitsa mwambo. Milandu ya Luckness inali iwiri: kugwiritsa ntchito maphunziro a yunivesite pa yunivesite yomweyo, komanso kutsatira katundu wa sukulu popanda chilolezo. Luckness anafunsa mwaulemu kuti ngati katunduyo anali wa sukulu, ankatani ku chinkhoswe. Milandu inakhala itatu.

Malamulo anu amati zokambirana za komitiyi zizijambulidwa mawu. Popeza tilibe chojambulira, anaitananso a Jimu, omwe anakhala pakona atavala zomvera m'makutu. A Maziko anaimirira n'kunena kuti Jimu wotchulidwa m'nkhaniyo yunivesite sikumudziwa, mwinanso kulibe n'komwe. A Jimu anakweza dzanja. "Bwana, tayandikirani maikolofoni, mawu akutsika. Komanso tifulumireko, ndili ndi ukwati ku Utale." A Maziko anayandikira n'kubwereza kuti Jimu kulibe, ndipo ulendo uno zinamveka bwino kwambiri. Luckness anaimitsidwa sukulu chaka chathunthu, kutatsala masabata atatu kuti alembe mayeso ake omaliza.

A Hellen atamva ananyamuka kwa Mposa ndi kathumba ka mpunga pamutu kudzapepesa. Amene anawaperekeza ku ofesi ya a Maziko ndine. Anagwada pakhomo.

"Bwana, mwana wanga wanama?"

"Iyayi mayi, sananame."

"Watukwana munthu?"

"Iyayi."

"Nanga walakwa chiyani?"

A Maziko anatembenukira kwa ine. "Mwaona a Mulepa? Nthendayi ndi ya m'banja." Mpungawo analandira.

Titatuluka, mayiwo anakhala pansi pakhonde. Kenako anandiuza kuti amayi a kumpingo kwawo anasoketsa kale nsalu yofanana yodzavala tsiku lolandira digiri, popeza m'mudzi mwawo palibe mtsikana anafikapo pamenepa. Anandifunsa kuti akawauze chiyani. Ine, amene ndaphunzitsa anthu kufalitsa uthenga kwa zaka khumi ndi zinayi, ndinangowaperekeza kukakwera minibasi.

Chachisanu, zikomo chifukwa cha chikalata chanu chotsogolera maphunziro, chomwe chinafika sabata yotsatira. Munalamula kuti funso lakuti "ndani" lichotsedwe chifukwa limaloza anthu chala, ndipo lakuti "chifukwa chiyani" lichotsedwe chifukwa limabweretsa mtopola. Ine ndinaonjezapo nzeru zanga n'kuchotsanso "kuti", poona kuti munthu akadziwa malo sachedwa kudziwa mwini wake. Ntchito yapepuka zedi. Nayi nkhani yomwe analemba Kevin, amene tsopano akutsogolera kalasi: "Zinthu zina zachitika. Akuluakulu ati zili bwino. Kunja kukutentha." Ndinamuchotsera malikisi awiri pa chiganizo chomalizacho, chifukwa wina angafunse za mafani.

Tsopano kapempho kanga kaja.

Luckness sanabwerere kwa Mposa. Akuti sangathe kudutsa pakati pa amayi a nsalu yofanana aja. Akukhala kwa mayi wina wachifundo, a Habiba, ndipo amawathandiza kugulitsa tomato m'mphepete mwa msewu wa M1. Mwatsoka, mthunzi wabwino pamalopo ndi umodzi wokha, wa chikwangwani chachikulu chomwe ofesi yanu inaimika chaka chatha. Mukuchidziwa: pali mtsikana akumwetulira, pansi pake mawu akuti TIMASULA ONENA ZOONA. Mtsikana wa pachikwangwaniyo ndi Luckness.

Minibasi ikaima, anthu amayang'ana m'mwamba, n'kuyang'ana wogulitsa tomato, n'kuyang'ananso m'mwamba. Anthu amenewa sanalandire chikalata chanu, choncho amafunsa mafunso onse asanu ndi limodzi. Ndipo mwanayu amayankha, Bwana. Amatchula mayina, masiku ndi maola, osakweza mawu, osaonjezera kanthu, uku akuika tomato m'jumbo. Dzulo ndinaima chapatali n'kuwerenga minibasi makumi atatu ndi imodzi, zina za ku Blantyre, zina za ku Lilongwe. Kondakitala wina anatsitsa nyimbo kuti a kumpando wakumbuyo amve bwino. Dalaivala wina wa thiraki anagula tomato kawiri chifukwa gawo la komiti linamupita. Sindifuna kukudetsani nkhawa, koma iyi ndi wailesi yoyamba ya yunivesite yathu kumveka kunja kwa mpanda.

Ndaganiza mozama za momwe tingakutetezereni. Kugwetsa chikwangwani kungabweretse mafunso ena. Kumuthamangitsa pamsewu sitingathe, msewu si wathu. Koma alipo malo amodzi m'dziko muno pomwe lamulo limatilola kumukhazika chete mwanayu, woyang'anira ataima pambali pake, ndipo aliyense n'kutiyamikira. Malowo ndi chipinda cha mayeso.

Mayeso akuyamba Lolemba likubwerali, 8 koloko m'mawa. Ndi mapepala asanu, lililonse maola atatu. Ndikukupemphani, manja onse awiri ndaika pachifuwa, kuti mulamule a Maziko amutsegulire chitseko. Sindikupemphera Luckness, iyayi, ndingayambe bwanji. Ndikupemphera mbiri yanu. Muganizire, Bwana, maola khumi ndi asanu athunthu mtsikanayu osatsegula pakamwa. Mwayi wotere simudzaupezanso pa moyo wake wonse.

Ine wantchito wanu wosafunsa,

Japhet Mulepa
Mphunzitsi wa Utolankhani
Nthambi ya kwa Phalula, Balaka