Pakamwa pa a Modesta a Makala

Kuno ku Bangwe, munthu amene sanatukwanidwepo ndi a Modesta ndiye kuti anabwera dzana. Mayi aja mawu aulemu analibe, ngakhale obwereka. Ankagulitsa makala pafupi ndi chigayo, ndipo ukati, "Mwadzuka bwanji?" yankho lake linali lakuti, "Ukundiona ndagona? Gula makala uzipita, usandionetse mano achikasuwo."

Munthu akamwalira, ife tinkati watisiya. Iwo ayi. "Wafa ameneyo. Akanakhala wotisiya bwenzi atatsanzika." Mayi woyembekezera ankangomuloza: "Watupa uyu, wamutupitsa ndani?" Tsiku lina abusa anawadzudzula mofatsa kuti lilime ndi moto. A Modesta anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kukolala.

"Moto ndiye ntchito yanga, abusa. Inu chimimbacho mwachikulitsa ndi nkhuku za akhristu, ine ndakufunsanipo?"

Atabwera matipate, mnyamata wina wa kampeni anakwera pamwala wa pachigayo ndi chimkuzamawu, kulengeza kuti tsopano aliyense ali ndi ufulu wolankhula.

"Iwe chitsiru," anamudula a Modesta, "ufulu umenewo ndinayamba kuudya iwe ukunyambita mamina. Tsika apo, ukundithamangitsira makasitomala."

Ine ndinkawaopa, makala ndinkakagula kwina. Zinasintha chaka chomwe anamwalira amuna anga, a Obed.

Dothi lisanaume kumanda, anatulukira alamu anga a Ramsey, akulu awo a malemu, ndi pikapu yahayala. Ha, munthu waulemu ngati uja! Jekete yoyera, mawu otsika, "mlamu" apa, "mlamu" apo. Akuti katunduyu akamusunge kwawo ku Naperi kuti akuba asandivutitse. Mipando inakwera, wailesi inakwera. Kenaka anyamata awo anagwira makina anga osokera, makina amene ankadyetsa ana anga ndi kulipirira mwana wanga Lonjezo sekondale. Anthu apamzere pathu anangoima manja kumbuyo, akuti za pabanja salowerera.

Ndiye kunamveka mawu kuchokera kuchigayo: "Fisi ameneyo ndi wa ndani?"

Taonani a Modesta akubwera, chitenje atamanga m'chiuno, manja ali bii.

"Mayi, tilankhule mwaulemu," anatero a Ramsey. "Ife tikungosunga katundu wa malemu."

"Kusunga? Kuba! Iwe ndiwe mbava, mbava ya jekete. Mng'ono wako akudzinyerera m'nyumba umu unali kuti? Ankamupukuta ndi mkazi uyu. Lero wanunkhiza mtembo, wabwera ndi galimoto. Makinawo ukasokera chiyani, nsalu yokukulungira ukafa?"

Anawagwira pachifuwa, zala zonse za makala zinadindika pajekete ija. Ana apamzere anayamba kuimba, "Mbava! Mbava!" Dalaivala, poopa kuti anthu amuotchera pikapu, anatsitsa katundu yense yekha nkuliyatsa liwiro. A Ramsey anatsetsereka wapansi mpaka pasiteji, ana ali pambuyo. Mulungu andikhululukire, koma ndikakumbuka mmene ankapukutira jekete ija, mtima wanga umayera mbee.

Nditapita kukawathokoza a Modesta, anandikalipira. "Choka apa, chitsiru cholira. Tenga bulauzi iyi ukandisokere, ndipo usasoke mokhota ngati miyendo yakoyo." Ndinaisoka bwinobwino. Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha ndinkapeza kathumba ka makala pakhomo, ndipo ndikafunsa ankati, "Ndi zinyalala, ndinasowa kotaya."

A Modesta anapita dzinja lathali, chifuwa chinawatenga msanga. Mbiri inafika ku Naperi. Sipanapite nthawi, a Ramsey anabweranso, jekete yatsopano, atatenga amalume awo, akuti banja lonse lagwirizana. Anthu apamzere anaima monga kale. Ndinayang'ana kuchigayo, pamalo paja panangotsala dothi lakuda. Makina akukwera, ndinatsegula pakamwa, matusi onse a mayi aja ali pakhosi panga, koma chomwe chinatuluka ndi chakuti, "Muyende bwino, alamu." Ndinadzida tsiku limenelo, ndipo sindinadzikhululukirebe.

Bangwe masiku ano ndi waulemu, aliyense ndi "zikomo", aliyense ndi "pepani", kwinaku amasiye akugona pansi. Lonjezo anasiya sukulu. Ine ndikugulitsa makala pamalo pomwe paja, ndipo ndikamawapanga milu misozi imandilengeza, ndimawasowa mayi aja koopsa. Koma ndikuphunzira. Dzulo ndinatukwana galu, sanathawe, komabe ndi chiyambi.

A Ramsey, ndamva kuti mwana wanu wamkazi akukwatiwa mwezi wamawa, ukwati wa pa holo, mabwana anu onse adzakhalapo. Khadi simunanditumizire, palibe kanthu, ndibwera ndithu. Nthawi ya perekaniperekani ikadzakwana, ndidzavina mpaka kutsogolo, ndipo maiki ija akadzangondigwiritsa, mudzayesa a Modesta adzuka.